Kafiira Waswa Ana

Amayi, mwadzuka bwanji kumene muliko? Ife kuno ku Lobi tilipo, kungoti chisanu cha chaka chino chikulowa mpaka m'mafupa.

Ndiyambe ndi za pakhomo. Mpongozi wanu, mkazi wa Filipo, wachira. Ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Kachewere wachita bwino kudimba, koma nyemba zinaola ndi mvula. Kumsika masiku ano palibenso wofunsa khadi lachipani, munthu umangolowa ndi dengu lako. Mukanakhalapo mukanapita tsiku lililonse, ngakhale opanda chogula.

Koma nkhani yeniyeni ndi ya akalulu anu ofiira aja, amiyendo italiitali, awiri amene mnzanu mayi Rozina anakusiyirani pobwerera kwawo ku Mozambiki nkhondo itatha. Pa maliro anu amalume anafuna kuwapha kuti adzukulu adyere. Ndinatsekereza pakhomo la khola misozi ili chuchuchu, ndikuti, "Awa si ndiwo, amalume. Amayi ankawafukata ngati ana." Anachoka akung'ung'udza kuti nyama yopanda mnofu chonchi n'kusungiranji.

Chaka chatha, nthawi yotentha tchire, wamphongo anatuluka m'khola. Alenje anamuyesa kalulu wakutchire, agalu n'kumugwira. Sindinawaimbe mlandu, poti akamathamanga ngakhale ine sindinkamusiyanitsa. Anatsala wamkazi yekha, Kafiira. Anasiya kudya, n'kumangobindikira pakona makutu atagona. Anthu ankati ndimuphatikize ndi akalulu oyera a pamudzi pano, koma ndinakumbukira zimene munkanena posankha mbewu: "Yabwino sasakaniza, mwanawe, ikatayika sibwerera."

Ndiye mvula itatha ndinamuika m'dengu, kufunditsa chitenje chanu chobiriwira, ulendo wofuna mayi Rozina. Nditawoloka malire ndinafunsa mudzi ndi mudzi. Njira yachidule anandiletsa, akuti mabomba okwirira akadalimo, choncho ndinazungulira phiri miyendo mpaka kutupa.

Ndinawapeza akusenda chinangwa pakhonde. Ine sanandizindikire, koma makutu a Kafiira atasuzumira m'dengu, mpeni unagwa. Anafunsa za inu. Amayi, uthenga sunawafike. Tinakhala pansi tonse awiri n'kukulirani kachiwiri.

Akalulu ena amene iwo anapita nawo kwawo anaswana, ndipo wamphongo analipo, wofiira ngati dothi la katondo. Ndinakhala kumeneko masiku angapo, Kafiira ali m'khola limodzi ndi iye.

Patatha mwezi chibwerereni, ndinaona Kafiira akuzula ubweya wa pachifuwa n'kumayala pa udzu. Waswa, Amayi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene wafa. Anabadwa opanda ubweya, osaona, ine mtima uli m'mwamba ndi chisanu chino, mpaka ndinatchinga khola ndi masaka. Lero ayamba kudumpha pabwalo. Onse ndi ofiira, onse miyendo italiitali ngati amayi awo. Ndikakhala pamkeka amandikwera pamiyendo, ndipo kamodzi kali ndi khalidwe lotafuna mphonje ya chitenje. Ndinaseka ndekha mpaka anansi anabwera kudzafunsa ngati zili bwino.

Filipo waumba njerwa, khola latsopano tiyamba kumanga zikatha ntchito za kudimba. Agalu adzangonunkhiza kunja.

Gonani bwino, Amayi. Ndimakukondani monga kale, ndipo ndikulonjeza kuti malinga ndili moyo, khola lanu silidzazizira.

Ndine mwana wanu,
Esinati