Galimoto ya Apongozi Yamwa Mbuzi Ziwili

Mwana wanga Yotamu,

Monile kumeneko ku Kitwe. Ndikhulupilila kuti muli moyo. Kuno ku Mphamba tili bwino, koma bondo la amako likali kuwawa.

Sabata yatha mlongo wako Tiwonge anabwela ndi amuna ake pa galimoto yakuda, yaitali, yonyezimila. Chibadwile sindinaonepo yotele. Iyenda osamveka, ndipo m'kati mwake muzizila ngati m'mawa wa mu Juni. Ananditenga kupita ku boma; ndisanakhazikike bwino pampando, tinali titafika.

Udziwa kuti mlendo wanga sindimubweza chimanjamanja. Tsono pamaso pa anthu ndinati, "Apongozi, mafuta obwelela ndithila ndine." Ndinali kuganiza za timabotolo tija tothila m'njinga yamoto.

Iwo anati, "Adada, lekani, iyi imamwa koopsa."

Ndinati, "Ndanena kale."

Kothilila mafuta ndinaima mpaka miyendo kulema, iyo ikumwabe. Ndagulitsa mbuzi ziwili. Akuti mafutawo sawafikitsa n'komwe ku Lusaka. Ndikali kudabwa.

Mawu anga sanagwe pansi. Koma iwe pobwela pa Khisimasi, ukwele basi, pakuti mbuzi zatsala zitatu.

Mulungu akusunge pamodzi ndi ana.

Ndine atate ako.