Mpando Umene Sitinasunthe

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, inu, alamu ndi ana. Chifuwa chimene munkadandaula chija chinatha? Kuno ana ali bwino, nanenso thupi lokha lilibe vuto.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumandidula pakamwa, ndipo ine ndikamva mawu anu ndimayamba kunama kuti zonse zili bwino. Ndinakuuzani kuti galimoto yanu inagunda munthu, ndipo woyendetsa ndinali ine. Kugunda inagundadi. Koma amene anali pa chiwongolero ndi abambo.

Chonde mumalize kuwerenga musanandiimbire.

Tsiku limenelo ndinkawaperekeza kuchipatala kukayezetsa kuthamanga kwa magazi. Titafika pageti anatambasula dzanja, akufuna makiyi. Ndinawakumbutsa za ng'ala zili m'maso mwawo, ndiponso kuti laisensi yawo inatha zaka zitatu zapitazo atalephera kuwerenga zilembo kwa dokotala. Iwo anati anayendetsa malole zaka makumi atatu osapha ngakhale nkhuku, ndiye lero aphunzitsidwe msewu ndi mwana amene ankamupukuta mamina? Mukuwadziwa bambo anu. Ndinawapatsa. Ndisanamizire ulemu wokha, ndinkafunanso kuwaona akumwetulira, poti chimwalirire amayi amangokhala pakhonde kuwerenga anthu odutsa.

Anakankhira mpando kumbuyo kuti miyendo yawo yaitali ija ikwane, n'kuliza galimoto akuimba kamluzu.

Pa msewu wodutsa kuseri kwa mafakitale, pamene pali mpanda wautali wa njerwa, dzuwa la m'mawa linali m'maso. Patsogolo pathu panali munthu pa njinga, atamangirira chitseko chatsopano pakaliyala. Ine ndinamuona ali patali, ndipo ndinangoti nawonso amuona. Pamene ndinkakuwa n'kuti chitseko chili pa galasi lathu. Abambo anaponda mabuleki munthu ali kale pansi, kenako anandifunsa kuti tagunda chiyani.

Chodabwitsa n'chakuti mutu wawo unagwira ntchito kuposa wanga. Udalaivala wonse unabwerera. Anayatsa mahazadi, magetsi ophethira aja, anakaika zizindikiro zofiira zija kutsogolo ndi kumbuyo, anaimitsa galimoto ina kuti ithamangire kuchipatala ndi wovulalayo, n'kundiuza kuti ndiimbire apolisi. Kenako analamula kuti pasasunthidwe kanthu, ngakhale kachidutswa ka galasi, mpaka apolisi afike. Anati ndijambule zonse, matayala, mizere ya mabuleki, njinga, kunja ndi mkati mwa galimoto, chifukwa a inshuwalansi sakhulupirira pakamwa pa munthu, amakhulupirira chithunzi. Ndinajambula zonse.

Anthu anayamba kudzaza, ena atatola miyala. Palibe amene anaona ngozi ikuchitika, onse anabwera atamva phokoso. Wina atafunsa kuti woyendetsa ndani, ndinayang'ana abambo ataima chipewa chili m'manja, ndipo ndinati, "Ndine." Apolisi atafika ndinabwereza mawu omwewo n'kusaina. Abambo anali pambali panga, ndipo sanatsutse.

Tsiku lomwelo ndinadziwitsa a inshuwalansi monga pepala lawo la galimoto yanu limanenera, n'kuwatumizira zithunzi zonse. Lipoti la apolisi litatuluka ndinakapereka. Ndinkadziona wochenjera. Pa pepalalo oyendetsa ololedwa ndi awiri okha, inu ndi ine, ndiye ndinati kampani ithandiza wovulalayo, ine ndikalipira chindapusa kukhoti, nkhani n'kuthera pomwepo.

Patatha sabata, munthu wawo woyendera magalimoto a ngozi anandiitanira ku galaja kumene galimoto ikusungidwa. Ndi mkulu wodekha, wa imvi, wolankhula ngati akupepesa. Anazungulira galimoto, kuyeza apa, kulemba apo, kenako anatsegula chitseko n'kundipempha kuti ndikhale pa mpando wa dalaivala ndiponde buleki.

Achimwene, inu nomwe munkanditcha Kachitsa. Ndinatambasula mwendo mpaka chala chachikulu, buleki osaifikira. Ndinati mwina amakaniko asuntha mpando. Iye anangotulutsa chithunzi chimene ndinajambula ndekha pamalo a ngozi, mpando uli pomwepo, kumbuyo kwenikweni. Tinamvera lamulo la abambo losasuntha kanthu mpaka kudziulula tokha.

Sanandikalipire. Anati nayenso ali ndi kholo lokalamba, ndipo sakufuna kudziwa amene anali m'galimotomo. Koma anandifotokozera mmene pepala lanu likunenera. Ngati woyendetsa anali wopanda laisensi, kampani isamba m'manja, sipereka kanthu kwa ife ngakhale kwa wovulalayo. Ngati ndinali ine, ilipira, koma mlandu wonse ndi wanga. Anati kwatsala fomu imodzi yokha, ya mwini galimoto, ndipo za mpandozo sazilemba pokhapokha atafunsidwa. Potsanzikana anati, "Mayi, muwauze eni ake kuti wosaina bodza pa fomuyi naye walowa m'mlandu."

Wovulalayo anali kalipentala, wa ana anayi. Chitseko chija ankakapereka kwa kasitomala. Ndinkapita kukamuona tsiku lililonse ndikaweruka, koma sanatsegule maso ndi kamodzi komwe. Mkazi wake poyamba sankayankha moni wanga, kenako anandizolowera mpaka ankandisungira malo pabenchi. Tsiku lina anandigwira dzanja n'kunena kuti wandikhululukira, chifukwa ambiri akagunda munthu amathawa, koma ine ndinaima. Ndinalephera kumuyang'ana. Ndinatuluka ngati ndikukayankha foni, n'kukalira kuseri kwa wodi.

Kalipentalayo wamwalira Lachiwiri m'mawa.

Apolisi asintha mlandu, tsopano ndi wopha munthu chifukwa choyendetsa mosasamala. Ndili pa belo. Loya amene ndinakamuona sanandibisire, anati za chindapusa ndiiwale, apa pakununkha ndende. Kuntchito andiuza kuti ndiyambe ndapuma mpaka nkhani itatha kukhoti. Ana ndawauza kuti ndili pa tchuthi, ndipo wamng'onoyo wakondwa kwambiri.

Abambo ndinawauza za malirowo. M'mawa mwake ndinawapeza atasita malaya oyera, atamanga tayi, akufufuza nsapato pansi pa bedi kuti apite kupolisi. Ndinatseka geti n'kuika kiyi m'thumba. Ndinawauza kuti akapita, mayi wamasiye uja sapeza ngakhale khobidi, ndipo iwo ndi magazi awo othamangawa sangathe mwezi m'ndende. Anandiyang'ana, kaya amandiona kaya ayi, n'kunena kuti, "Ndinakupempha makiyi, mwanawe. Sindinakupemphe moyo wako."

Chiyambire tsiku limenelo sakhalanso pakhonde. Chakudya amangochigwiragwira.

Ndisakubisireni, ndimawakwiyira. Tayiyo akanamanga tsiku lija apolisi akulemba, osati lero munthu ali m'manda. Ndimadzikwiyiranso ndekha, ine wamaso abwinobwino amene ndinaona njinga ili patali n'kukhala chete poopa kuwachititsa manyazi. Inunso ndimakukwiyirani pang'ono, chifukwa muli kutali ndipo mumagona tulo. Mundikhululukire, madzi afika m'khosi.

Fomu ija ndaiika m'envulopu yomweyi. Ndalemba zonse, tsiku, nthawi, malo, zimene zinawonongeka ndi nambala ya lipoti la apolisi. Malo amodzi okha ndasiya osalemba, pamene akufunsa dzina la amene ankayendetsa. Ndinayesa kawiri, dzanja linakana.

Mukalemba dzina langa, mayi uja alandira chipukuta misozi ndipo abambo adzafera pakhomo pawo. Koma mukonzeke kudzatenga ana anga, ndipo mudziwe kuti nanu mwasaina bodza. Mukalemba la abambo, ine ndikayankha mlandu wonamiza apolisi wokha, koma muwatumiza kukhoti ndinu, ndipo ana anayi aja atsala manja lende. Musandifunse chimene ndikufuna. M'mawa ndikamaveka ana yunifolomu ndimafuna china, madzulo ndikamva abambo akutsokomola m'chipinda ndimafuna china.

Galimoto ndi yanu, bambo ndi anu, mlongo ndi wanu. Ine ndinasankha kamodzi pakati pa msewu, anthu atanyamula miyala, ndipo sindingathenso kusankha kachiwiri. Dzina limene mulembe ndi limene ndikanene pamaso pa woweruza, ndipo sindidzakuimbani mlandu. Fomuyi ikufunika ibwerere mwezi uno usanathe. Akuti mulembe ndi inki yakuda, zilembo zazikulu.

Mulungu akusungeni ndipo akupatseni mtima umene ine wandithera. Mundiperekere moni kwa alamu, koma kalatayi muwaonetse mukamaliza kulemba. Ana muwauze kuti azakhali awo akuwakumbuka, ndipo mwina posachedwa akhala ndi anzawo awiri ogona nawo m'chipinda.

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira wa m'nyumba mwathu