Mphaka wa Amayi Sanalire

Sukulu ya pa Esiteti,
Thyolo.
18 Ogasiti, 1929.

Wokondedwa mlongo wanga Teleza,

Moni wa kwa ife kuno kumapiri. Uli bwanji ku Chiromo, kumene ndimamva kuti nkhuku zimaikira mazira owiritsa kale chifukwa cha kutentha? Alamu anga a Fackson ali bwanji ndi ntchito yawo ya njanji? Nanga Marita ndi kakhanda kaja sindinakaonebe, udzudzu wawasiyirako magazi?

Kuno tadzuka. Chiperoni chatizunza chaka chino, ana a sukulu amalemba pa sileti manja ali njenjenje. Tiyi anamaliza kudulira, minda yonse ikuoneka ngati mitu yometedwa mpala. Ine ndili bwino, kunena thupi. Amayi ndiwo sali bwino, n'chifukwa chake ndakulembera.

Usayambe kubuma, si matenda opita nawo kuchipatala. Koma atsitsa dengu lija kudenga, lachivundikiro lija anachoka nalo kwawo. Alipukuta, aikamo nsalu zawo ndi korona, ndipo akuti madzi a Ruo akangophwa iwo awoloka, abwerera kutsidya kwa Apwitikizi. Ndi miyendo ija, Teleza. Kumudzi kumene kulibenso munthu wowadziwa dzina. Ndipo ukudziwa kuti amayi sanena chinthu kawiri.

Zonsezi zayambira pa mphaka, ndipo za mphakazo zayambira pakamwa panga. Khala pansi ndikuuze.

Iwe unali kumsana kwa amayi pamene tinkathawa chibalo, ntchito yokakamiza ya Apwitikizi ija, ndiye nkhaniyi umangoimvera kwa ine, ndipo ine ndaithira mchere kambirimbiri. Koma izi zokha n'zoona. Tinabisala m'bango m'mbali mwa Ruo tsiku lathunthu, asilikali akudutsa pafupi moti fodya wawo ankatinunkhira. Iwe anakutseka pakamwa ndi bere. Ine bambo ananditseka ndi dzanja. Koma m'dengu munali mphaka, ndipo mphaka sungamunong'oneze kuti khala chete. Bambo anafuna kumumiza m'madzi, amayi anangolikumbatira dengulo. Mphakayo sanalire mpaka tinawoloka.

Chiyambire pamenepo mtundu wake wonse ndi wotero, mwana, mdzukulu, onse. Amatsegula pakamwa mpaka mano kuoneka, mawu osatuluka. Nachete, amene unamusiya ali kamwana pamene unkakwatiwa, anaposa onse. Akafuna chakudya ankangokhala patsogolo pako n'kukuyang'ana mpaka iwe mwini uchite manyazi. Ukamuponda mchira ankangokutembenukira ngati katekisiti amene wakupeza ku mowa.

Chimwalirireni bambo, ameneyu ndiye anali mnzawo wa amayi. Ndikaweruka ndinkawapeza pakhonde, wina akusenda chinangwa, wina akuyang'anira ntchito. Chilomwe chija ife tinayamba kuchita nacho manyazi kusukulu, amayi ankachisungira Nachete. Ndi iye yekha amene ankamva maina a anthu amene tinawasiya kutsidya.

Mu Meyi, dona wa bwana wamkulu anabwera kusukulu kudzamva ana akuimba. Atatha anandifunsa ngati inenso ndine wochokera kutsidya. Ndikanangoti inde, basi. Koma ukundidziwa. Zaka zonse zija kusukulu ya aphunzitsi, Chingerezi chodzaza mutu koma wochimva palibe, lero mzungu waima patsogolo panga atatchera khutu! Ndinayambapo. Asilikali ndinawachulukitsa, bango ndinalitalikitsa, ndinaonjezamo ndi ng'ona yomwe. Dona anaseka mpaka kupukuta misozi ndi kampango.

Kenako anati iye amadwala mutu, mphaka amene anali naye anamupereka kwa ena chifukwa cha phokoso, koma tsopano makoswe amutha m'sitolo yake ya zakudya. Anati mphaka wosalira ndiye mphaka amene wakhala akumufuna. Ine ndinali ndikumwetulirabe ngati chitsiru.

M'mawa mwake a Anderson, akuki a kunyumba ya bwana, anafika ndi thumba ndi kachitini ka shuga. Sanabwere ndi lamulo ayi, anabwera ndi pempho. Koma iwe unakulira pa nthaka ya mwini, ukudziwa kulemera kwa pempho lochokera kunyumba yaikulu. Nyumba yathu ili pa malo awo, chimanga chathu pa malo awo, manda a bambo pa malo awo. A Anderson anati, amayi, musandiyang'ane choncho, ine ndine mwendo chabe, pakamwa ndi aphunzitsi aimawa.

Amayi anakana thumba, anati mphaka wawo si chinangwa. Anamunyamula okha m'manja mpaka kukhitchini ya dona. Shuga uja mpaka lero sanamutsegule.

Ine ndinayesa kuwaseketsa. Ndinati Nachete wapeza ntchito kwa azungu osalemba mayeso, thangata sagwira, msonkho sadula, posachedwa ayamba kutipatsa moni m'Chingerezi. Sanaseke. Koma Lamlungu lililonse tikatuluka ku Misa ankadzera kuseri kwa mpanda wa bwana n'kuliza lilime monga mwa chizolowezi chawo, ndipo Nachete ankatuluka kudzadzikhuza m'miyendo mwawo. Ndinadzitonthoza kuti zinthu zatha bwino.

Mu Julayi ntchito itachepa, bwana ndi dona anapita ku Zomba kukapuma. Dona anakhoma sitolo yake ndi loko, kiyi n'kuponya m'chikwama, monga achitira madona onse poopa kuti shuga angamere miyendo. Lamlungu lotsatira amayi analiza lilime pampanda. Nachete sanatuluke.

A Anderson anati wapita kukafuna amuna, abwera yekha. Amayi anazungulira nyumba mpaka pansi pa kazenera ka sitolo, kali m'mwamba kwambiri, kotchinga ndi waya wa sefa. Anaitananso. Akuti anamva kukanda. A Anderson anati amenewo ndi makoswe akuvina chifukwa dona wachoka, mphaka akanatsekeredwa bwenzi akulira mpaka ku fakitale kumva. Anati ndipo ngakhale alimo, iwo loko wa mzungu sangamukhudze, ali ndi ana odyetsa.

Amayi anabwera kwa ine. Anandipeza ndikusita malaya. Anangoti, ali m'kati. Anati, iwe uli ndi chizungu, pita kwa bwana wamng'ono ukamuuze.

Ndipo ndinapita, Teleza, usaganize kuti sindinapite. Lolemba m'mawa ndinavala jekete, mawu ndinawakonza bwinobwino panjira. Pakhonde la ofesi ndinapeza bwana wamng'ono akukalipira kapitawo za tiyi wodulidwa molakwika, nkhope ili psuu. Pabwalo panali mayi wina atakhala pa mtolo wa mphasa, banja lake litangopatsidwa notisi yoti lichoke pa esiteti. Bwana atanditembenukira n'kufunsa kuti ticha ukufuna chiyani, ndinadziona mmene ndionekere: munthu wamkulu wa jekete, kudzapempha kuti athyole chitseko cha bwana wamkulu chifukwa cha mphaka wa nkhalamba amene palibe wamumva akulira. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti kusukulu choko chatha.

Anandipatsa bokosi lathunthu.

Kunyumba ndinawauza amayi kuti bwana anali wotanganidwa, ndipo mwina a Anderson akunena zoona, mphaka wotsekeredwa amalira. Ine, Teleza! Ine amene ndadyera nkhani ya mphaka wosalira pa maukwati onse a m'Thyolo muno. Amayi anandiyang'ana monga mmene Nachete ankayang'anira munthu, ndipo ine ndinapita kukaunjika choko mu kabati.

Iwo anapitabe tsiku ndi tsiku pansi pa kazenera kaja. Ankatenga madzi m'chikho n'kumawaza m'mwamba kuti mwina madontho alowa pa waya, koma mkono wa munthu wokalamba ufika pati? Ankabwerako nsalu itanyowa, kukuzizira chonchija. Tsiku lina sanapite. Nditafunsa anati kukanda kwasiya.

Azungu atabwerako anamupeza kuseri kwa chitseko. Chitsekocho chinali chokandikakandika m'munsi monse. M'sitolo munalibe khoswe ndi mmodzi yemwe, ntchito imene anamutengera anaigwira. Madzi ndiwo munalibe.

Dona analira, ndisamunamizire. Anandiitanitsa n'kundifunsa kuti bwanji panalibe wonena. Akuti kiyi wina amakhala ku ofesi ya bwana wamng'ono, pamsomali kuseri kwa chitseko, kukanangokhala kupempha basi. Ndinaima pamenepo ndi Chingerezi changa chonse, chipewa m'manja.

A Anderson anabweretsa Nachete atamukulunga m'thumba la ufa. Nkhani ya kiyi ndi ya choko anabweretsanso, poti pa esiteti chobisika palibe. Amayi anamukwirira pansi pa nthochi kuseri kwa nyumba, khasu anakana kundipatsa. Atasamba m'manja anandifunsa funso limodzi lokha, ngati choko chija chikulemba bwino.

Chiyambire pamenepo mawu awo ndi osowa, ndimawamva makamaka popemphera. Amandiphikira, amandichapira, koma iwo amangolawa. Ndapepesa m'Chinyanja, ndapepesa m'Chilomwe changa chothyokathyoka, amangogwedeza mutu. Ndinawabweretsera kamphaka kamawangamawanga kuchokera kwa mnzanga wa ku Bvumbwe, anakapatsa chakudya n'kundiuza kuti ndikabweze kwa mayi wake. Sabata yathayi ndi pamene anatsitsa dengu. Anati dziko lino aliyesa, ndi dziko loti munthu uzikhala chete ngati m'bango muja, koma m'bango tinakhalamo tsiku limodzi lokha. Anati kuli bwino akafere kumene kunakwiriridwa mchombo wawo.

Tsono nali pempho langa. Pokwatiwa unatenga m'bale wake wa Nachete, ndipo m'kalata yako yapita unadandaula kuti wakuberekeranso tiana todzaza khonde. Tenga kamodzi, uike m'dengu, ukwere sitima. Alamu ndi a njanji, za tikiti adziwa iwo. Ukatsikire ku Luchenza, ine ndikakuchingamira. Gadi wa m'sitima usamuope, mtundu umenewu unadutsa pamphuno pa asilikali a Apwitikizi, gadi ndi ndani? Wina aliyense amayi amubweza, koma magazi a mphaka wawo uja sindikhulupirira kuti angawabweze.

Koma ndisakunamize kuti ndikufuna mphaka yekha. Ndikufuna iwe.

Tonse tinatuluka m'bango muja pakamwa pali potseka. Bambo anagwira thangata mpaka kufa osadandaula. Amayi ndi amenewo. Ine ndimalongolola chilichonse kupatula chimene chikufunika. Iwe wekha, amene anakutseka ndi bere, ndiwe unabwezera. Ukukumbuka tsiku lija unalalatira kapitawo pa sikelo atakuchotsera tiyi wako kuti ndi wonyowa, mpaka munthu wamkulu kuyeza kachiwiri, ife abale ako titabisala kuseri kwa madengu? Ndinakutcha belu la mishoni, ndipo ndinakuseka nalo dzinalo mpaka tsiku la ukwati wako. Lero ndikulibweza ndi manja awiri. Ukanakhalapo iwe, loko uja ukanamuphwanya ndi munsi, za notisi n'kumaganiza pambuyo.

Bwera udzawakalipire amayi kuti sapita kulikonse. Ine udzanditukwane pamaso pawo, mokweza, aneba amve, sindidzayankha. Mwina akamva munthu akunena zimene iwo akumeza, dengu lija libwerera kudenga. Khanda usalisiye, bwera nalo, agogo ake sanalinyamulepo.

Usachedwe, mlongo wanga. Obwera ku Mulanje akuti Ruo tsopano akulekeza m'chiuno, ndipo amayi amafunsa aliyense wodutsa. Ine ndikapita kusukulu ndimasiya mtima kunyumba, ndikaweruka ndimayamba kusuzumira ngati dengu lilipo.

Undiperekere moni kwa alamu a Fackson, uwauze kuti ndikubwereka mkazi wawo, ndidzabweza ali wathunthu, mawu okha ndiwo adzakhale atasasa. Marita umuuze kuti amalume ake amusungira choko chambiri. Mulungu akusungeni nonse, ndipo akuyendetse bwino pa njanji.

Ine mlongo wako,
Fabiano.

Ndamatulanso kalatayi. Ndakumbuka kuti unalemba za kamodzi mwa tiana ta mphaka tija kamene kanatengera bambo ake a ku Chiromo, kolira usana wonse, koti alamu akufuna kukataya kumtsinje. Asakataye. Tachete tonse usiye. Bwera ndi komweko, kalire njira yonse, gadi akafunsa iwe udziwa chomuyankha.