Chibwano cha Itsuki

Lolemba, 13 Novembala

Kuchokera kuntchito, magazi pa mphasa. Mlamu wanga Itsuki, zaka 19, chibwano chong'ambika. Akuti anaterereka potuluka m'bafa.

Zaka zisanu ndi ziwiri ndikumanga makwerero a zitsulo pa nyumba zosanjikizana mumzinda muno wa Amagasaki. Ndaona anthu akugwa. Woterereka amatsogoza manja. Zikhatho za Itsuki zilibe ndi kachilonda komwe. Wagwa ndi nkhope, ngati thumba la simenti. Kumeneko n'kukomoka.

Vuto ndi ili. Mkazi wanga Chisato amaweruka mochedwa kufakitale, ine mdima utagwa. Amene amalowa m'madzi otentha ndi Koharu wathu madzulo aliwonse ndi Itsuki. Mwana wa miyezi isanu ndi itatu. Lero mwayi, anali atamugoneka kale pa thaulo.

Lachitatu, 15

Itsuki maso ofiira. Mpunga wonse m'poto watha. Kuseka ndi khoma.

Chisato: "Bambo a Koharu, inu mumakayikira ngakhale mthunzi wanu. Madzi otentha amachititsa chizungulire, basi."

Ndachepetsa kutentha kwa madzi. Ndapalasa pansi ndi phazi lonyowa, kasanu. Sipoterera.

Lachisanu, 17

Thumba lathu la zinyalala zowotcha otola zinyalala alisiya, alimata kapepala kofiira. Mayi Kuwata a nyumba yapansi abwera nalo mpaka pakhomo. "Galasi lili ndi tsiku lake, bambo. Kapena kwanu kuno kalendala inathawa?" Manyazi.

M'katimo timabotolo tinayi tagalasi, ta fodya wamagetsi uja. Totsalira mafuta okhuthala ngati uchi. Ine sindisuta.

Ndaonetsa kamodzi kwa Genji, mnzanga wa kuntchito. Wanunkhiza, wandibwezera msangamsanga. "Chamba chamadzi ichi, mphwanga. Ukalowa m'madzi otentha utakoka, podzuka umangoona mdima. Chotsa pano, ndili ndi ana ine."

Loweruka, 18

Ndamufunsa Itsuki. "Pang'ono pokha, alamu. Chimandigonetsa."

Ndati tipite kuchipatala. Chisato misozi. Akuti madokotala akaitana apolisi. Kaya n'zoona, sindidziwa. "Ndi mlongo wanga, ndinamulera ndekha. Akapita kwa bambo athu amumenya mpaka kumupha."

Tagwirizana. Akhale, koma Koharu asamusambitsenso. Ndizimusambitsa ndekha ndikafika. Walumbira, mutu pansi.

Lachinayi, 23

Masiku anayi bata. Bata lochuluka. Dzulo pofika, tsitsi la mwana likununkhira kale sopo. Chisato akuti anangomupukuta m'mawa.

Lachisanu, 24

Mphepo yamphamvu, atiwerutsa masana. Sindinauze munthu.

Pakhomo ndamva madzi, ndi Koharu akuseka. Ndalowa ndi nsapato. Itsuki m'bafa, madzi m'chifuwa, mwana pa maondo, kafodya kaja pa shelefu ya sopo. Ndamulanda mwana. Iye podzuka kuti alankhule, maso tembenu, wagwa chagada. Mutu pa mpopi. Ine dzanja limodzi mwana, lina tsitsi la Itsuki kuti asamire.

Amusoka m'mutu. Kwa dokotala Chisato wayankha yekha, ine ndili pomwepo: aka n'kachinayi kukomoka. Kuyambira Ogasiti. Ndipo sabata yonseyi ndi Chisato yemweyo amamuuza Itsuki kuti, "Musambitse bambo ake asanafike, amabwera atatopa."

Chikwama cha Itsuki ndachiika pakhomo. Chisato waika chake pambali pake.

Cha Koharu ndachikhalira. Ndikulemba ndili pomwepo.