Kamzere Kofiira ka Bambo

Okondedwa Achimwene,

Landirani moni kuchokera kuno kutali. Muli bwanji inu, alamu ndi ana? Msana uja wasiya kuvuta, kapena mukunyamulabe zolemera ngati mnyamata? Ine kuno ndili bwino. Chimfine chinandigwetsa sabata yatha koma chandisiya.

Ndikudziwa kuti mudabwa kuona kalata poti timalankhulana pafoni. Koma inu pafoni simupatsa munthu mpata. Ndikangoti ndiyambe nkhani, inu mwayamba kale kuikonza. Ndiye ndati ndilembe, muwerenge mpaka kumapeto musanatsegule pakamwa. Pepala simungalidule mawu.

Ntchito ikuyenda. Ndidakali kositira zovala pahotela paja, m'chipinda cha pansi chopanda windo. Tsiku lonse ndi nsalu zoyera za pabedi ndi nthunzi basi. Timagwira awiriawiri, wina nsonga iyi wina nsonga iyo, kulowetsa nsalu m'makina, n'kutulukira mbali inayo ili yotentha, yosalala. Manja akazolowera, mutu umapita kwina. Masiku ena belu la nkhomaliro limandipeza ndili kwathu, ndakhala pabenchi ya Bambo yopalira matabwa, mapazi ali m'utuchi.

Kumene ndikukhala ndi komwe kuja, ndi mnzanga namwino uja. Denga layamba kudontha pakona ya kukhitchini. Mwini nyumba tikamuuza amangoti mawa, mawa lake silifika. Taikapo beseni, ndipo tazolowera kaphokoso kake moti likauma timaona ngati wotchi yaima. Nsapato zanga za kuntchito nazo zayasama kutsogolo, zikuseka aliyense wokumana nane. Zing'onozing'ono zimenezi, musadandaule nazo.

Nkhani yomwe ndalembera ndi ya uthenga wanu uja. Mwati mukapita kwa makolo kumapeto a mwezi mukawakonzera Bambo malo awoawo pa pulogalamu yoonera kanema ija, kuti asiye kusokoneza anga. Zoona, ine ndi amene ndinadandaula poyamba. Koma imvani kaye, a injiniya a pabanja.

Mukukumbukira kuti mutawalumikizira tivi ku intaneti ndinakupatsani mawu anga achinsinsi kuti nawonso azionera. Munthu akatsegula pamabwera kabokosi ka dzina, ndipo kanga ndinalembapo Kamsomali. Mumalidziwa dzinali. Anandipatsa ndi Bambo, ati ndinali wowonda komanso sindinkamva mpaka hamala itandipeza pamutu. Ukalowa m'kabokosimo umapeza mndandanda wa zomwe unasiyira panjira, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse pamakhala kamzere kofiira kosonyeza pamene walekezera.

Tsiku lina nditaweruka masana ndinakhala patebulo la pawindo kuti ndionere sewero langa la anthu okanganirana mwamuna. Ndinapeza kutsogolo kwabwera chithunzi chachilendo, nkhalamba ya ndevu zoyera itaima pafupi ndi mulu wa matabwa. Kamzere kofiira kali pakati penipeni. Ndinati ana a achimwene awa ayamba. Ndinadina kuti ndione chimene chawakopa.

Achimwene, ndinaiwala tiyi mpaka kuzizira. Nkhalamba ija ikupanga bwato la matabwa yokhayokha m'shedi yaikulu. Silankhula kwenikweni, ndipo ikalankhula ndi chilankhulo chomwe sindichimva. Umangomva macheka, hamala, ndi kupuma kwake. Dzuwa limalowera pakamng'ankha ka khoma, fumbi la matabwa n'kumayandama m'kuwalako. Imatenga thabwa, kuliyang'ana m'mbali diso limodzi litatsinzina, kulisisita ndi chikhatho. Kenako imaliika m'bokosi lalitali la nthunzi, n'kukhala pansi kudikira. Likatuluka limapindika lokha mofewa kutsata nthiti za bwato. Madzi saoneka paliponse, koma umawamva kuti ali kuseri kwa chitseko.

Pamene inachotsa pensulo pakhutu n'kuinyambita isanalembe pathabwa, monga amachitira Bambo, ndinadziwa kuti si ana anu amene akuonera zimenezi.

Inu mukudziwa mmene zinthu zilili pakati pa ine ndi Bambo. Chichokereni ine sanandilankhulepo. Anali atandikhomera mashelefu ndi kauntala kuti nditsegule kasitolo pafupi ndi nyumba, ine n'kusankha ulendo. Sanakalipe. Tsiku lonyamuka anangolowa m'shedi mwawo n'kuyamba kucheka thabwa. Ndikaimba foni iwo n'kuyankha, amangoti nawa amayi ako. Sindinong'oneza bondo kuti ndinabwera kuno, koma chete ameneyu amandiwawa, Achimwene. Amandiwawa kuposa mmene ndimakuuzirani.

Ndiye kamzere kaja kanasanduka nkhani zanga za kunyumba. Ndikamaliza gawo la kanemayo lomwe alisiyira pakati, mawa lake ndimapeza gawo lotsatira layambidwa, lasiyidwanso pakati. Ndimati eya, mdala wadzuka bwino, maso akuona, dzanja likugwira rimoti. Ndinkatsegula foni ndili m'basi, osati kuti ndionere, koma kungoona ngati kasuntha.

Koma chinkandisautsa n'chakuti samalizanso bwanji. Poyamba ndinati amagona pampando. Kenako ndinati ndi magetsi, kapena netiweki ikamazungulira kagudumu kaja amataya mtima. Koma magetsi ake ati odziwa kuthima pakati penipeni tsiku lililonse? Pomaliza maganizo oipa anandilowa. Ndinati amaonera mpaka atakumbukira kuti zinthuzi ndi za yani, mtima n'kuwawira, n'kuzimitsa. Masiku amenewo ndinkasita nsalu ngati ndikulimbana nazo. M'pamene ndinakudandaulirani kuti akundisokonezera mndandanda. Sunali mndandanda umene unkandipweteka.

Lamulungu lina ndinaimbira Amayi. Titatha za mpingo ndi za mwendo wawo, ndinafunsa mongocheza ngati tivi ikuvuta, poti kanema wa bwato uja safika kumapeto. Amayi anaseka mpaka kutsokomola. Anati tivi ilibe mlandu, mlandu ndi wa abambo ako.

Akuti tsiku loyamba Bambo anaonera gawo lonse mpaka kutha. Atabwerera kutsogolo anapeza chithunzi chake chachoka, pabwera china. Anadzidzimuka. Anaitana Amayi kukhitchini n'kuwauza kuti amumalizira mwana zinthu zake. Iwo amaona ngati kanemayu amatha ngati mayunitsi a magetsi, kuti akaonera kuno ndiye kuti uko kwatsala mbale yopanda kanthu. Amayi anayesa kuwauza kuti mwina sizitero, iwo anati pabokosipo palembedwa dzina la mwini wake, ndipo kuwerenga amadziwa. Chiyambire pamenepo amakhala ndi rimoti m'manja, maso pa kamzere. Kakafika pakati amadina, ngakhale nkhalamba ija ili mkati mokhoma. Amayi akadandaula kuti pafika pokoma, iwo amangoti ayi, ndimusiyireko Kamsomali.

Achimwene, dzina limenelo ndinali ndisanalimve kuchokera pakamwa pawo chichokereni kwathu. Ndinalimva kudzera mwa Amayi, pafoni yokhala ndi phokoso, koma linandifika lonse.

Mukukumbukira mmene ankadyera? Mbale yawo sinkabwerera kukhitchini yopanda kanthu. Ankadula pakati ndi supuni, n'kukankhira theka m'mphepete, n'kunena kuti akhuta. Inu munkakwiya kuti bwanji nthawi zonse ndi ine. Ine ndinkadya ndili chiimire pambali pa mpando wawo, osathokoza n'komwe, poganiza kuti abambo onse amakhuta msanga.

Lolemba kuntchito misozi inangotsika yokha. Mnzanga wa nsonga inayo anafunsa chavuta n'chiyani, ndinati ndi nthunzi. Anati nthunzi yake yasankha munthu mmodzi lero.

Nditafika kunyumba ndinamaliza theka lomwe anandisiyira. Ndinaonera pang'onopang'ono, osagwira china chilichonse, podziwa tsopano kuti ndapatsidwa. Kenako ndinachita chomwe ndinali ndisanachitepo. Ndinayamba gawo lotsatira ndekha, ndipo kamzere katafika pakati ndinadina.

Mawa lake kamzere sikanasunthe. Mkuja wake chimodzimodzi. Ndinkatsegula foni m'basi, pankhomaliro, pamasitepe, kali pomwepo. Ndinati basi ndaononga. Mdala wazindikira kuti ndadziwa, manyazi amugwira, watseka ndi kawindo kamodzi komwe kanatsala. Namwino uja anandiuza kuti ndingoimba ndifunse. Ndinakana. Fupa lokakamiza limaswa mphika.

Lachisanu Amayi anaimba okha, chinthu chomwe sachita kawirikawiri. Anati atumidwa. Akuti Bambo atatsegula tivi n'kupeza gawo latsopano lili pakati, anayamba kuyendayenda m'nyumba. Sanaonere tsiku limenelo, ngakhale lotsatira. Pomaliza anauza Amayi kuti aimbe afunse ngati mwanayo ali bwino, chifukwa wasiya kumaliza zinthu zake. Ati mwana ameneyu sasiya kanthu m'mbale pokhapokha akadwala.

Ndinaseka ndi kulira nthawi imodzi. Zaka zonsezi, funso loyamba la Bambo lofunsa za moyo wanga labwera chifukwa cha bwato la munthu yemwe sitimudziwa n'komwe. Ndinauza Amayi kuti awauze kuti ndili bwinobwino, thekalo ndawasiyira iwo. Ndinamva Amayi akubwereza mawuwo chakumbali, ndiye kuti Bambo anali pompo, akumvetsera. Sanabwere pafoni. Ndinangomva mpando wawo uja ukulira, kenako patalipatali kulira kwa macheka a pativi.

Madzulo ake ndinapeza gawo lija latha. Lotsatira linali pakati.

Umo ndi mmene tikukhalira tsopano. Iwo amamaliza changa n'kuyamba china, ine ndimamaliza chawo n'kuyamba china. Mbali zomwe iwo aonera ine sindibwerera kukaziona, ngakhale ndikudziwa kuti zilipo. Ndimangopeza bwato lakula. Dzana ndinalisiya lili ndi nthiti zokhazokha mbali imodzi, lero ndapeza matabwa akwera mpaka m'chiuno mwa nkhalamba ija. Zimakhala ngati Bambo anabwera ine kulibe n'kukhomako pang'ono. Nthawi zina ndikamasita ndimaliona bwatolo litatha, likuyandama pa nsalu zoyera zija, Bambo ali kutsogolo pensulo ili pakhutu, osatembenuka, koma atandisiyira malo pathabwa lokhalira.

Ndiye pempho langa ndi limodzi lokha, Achimwene, ndipo ndikugwirani mwendo. Mukapita musakonze kanthu. Musawatsegulire kabokosi kawo. Musawafotokozere kuti kanema wa pa intaneti satha, kuti anthu miyandamiyanda akhoza kuonera chinthu chimodzi osachepetsako. Ndikukudziwani, mukaona munthu akulakwitsa pa makina thupi limakuyabwani. Ulendo uno wokha dzigwireni. Mukawaona akudina pakati, yang'anani kudenga. Muuzenso ana anu, makamaka wamkuluyo amene watengera inu pakamwa. Mukawapatsa malo awoawo adzaonera zonse mpaka kumapeto, bwinobwino, okha, ndipo ine kuno ndidzatsala ndi mndandanda wosasokonezeka wopanda munthu.

Mwina mufunsa kuti nanga bwato likadzatha. Nanenso ndimaganiza zimenezo. Magawo akadalipo ndithu, ndipo nkhalamba ija sithamanga. Thabwa likadali m'nthunzi. Tidzaona likadzatuluka.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti juzi ija ikundithandiza kwambiri. Moni kwa ana onse, wamng'onoyo mumupsompsone pamphumi. Moni kwa azakhali ndi amalume, ndi kwa Amayi, muwauze asamaime nthawi yaitali ndi mwendo uja.

Kwa Bambo musavutike kupereka moni wanga. Ndawasiyira kale. Akaupeza pamene nkhalamba ija yanyamula thabwa, isanaliike pabwato.

Ndine mlongo wanu wosamva uja,

Kamsomali