Mipando iwiri yokha

Lachinayi, 9 Okutobala

Kwatentha, ndipo mtima wanga suli m'malo. Galimoto yanga yofiira ndinaimaliza dzulo, bodi yonse ya zitsulo za migolo, yotsika ngati ya mpikisano ija ndinaiona pa foni. Hayala yoyamba ndi ukwati wa kwa Nsamala, Loweruka lino. Ikakaoneka bwino, maukwati a ku Balaka ndi ku Liwonde azindifuna.

Masana anabwera a Mbewe, ankhoswe a mkwati, kudzaiona. Anaizungulira, kusisita penti, kenako n'kusuzumira mkati.

"Achimwene, mipando ndi iwiri yokha?"

"Eya bambo, za mpikisano zimakhala choncho."

"Mkwati apa, mkwatibwi apa. Nanga inu oyendetsa mukhala padenga?"

"Ndimati ayendetsa okha akwatiwo."

Anaseka. "Iyayi. Mphwanga uja ngakhale njinga amachita kunyamulidwa."

Sindinaliganizepo limeneli. Miyezi yonseyi ndimayang'ana chithunzi, osati ukwati. Akuti mkwatibwi sangakhale ndi ine mwamuna wake ali palole ndi akwaya. Akunena zoona. Pofika mawa madzulo akhale ndi pokhala awiriwo kumbuyo, apo ayi atenga minibasi.

Ndayeza. Mpando ulowa pokhapokha nditadula msana wopindika wa galimotoyi, womwe anthu amaima pamsewu kuti auone. Akazi anga, Mayi a Tadala, akuti, "Dulani bambo, ana sadya kukongola."

Mzere ndalemba ndi choko. Galainda yodulira zitsulo ndabwereka, ili pansi pa bedi. Magetsi akayaka mawa ndidula. Koma ndadzipeza ndikulakalaka asayake.