Manambala a Mtsinje Atsekeka M'madisiki

Okondedwa Amalume,

Ndikupereka moni mwaulemu, ndikhulupirira muli bwino ku Lusaka. Kuno tili bwino, koma amayi mwendo uja ukuwavutabe.

Mukudziwa kuti ndimasamala makina oyeza madzi a mtsinje wa Luangwa ku Chinzombo. Mwezi uliwonse ndinkakopera miyeso pa disiki, n'kulembapo tsiku lake. Mzungu amene ankayang'anira ntchitoyi atapita, anasiya kompyuta, koma mu Febuluwale mphenzi inaiwononga.

Lachiwiri lapitali a komiti ya sukulu anabwera. Akufuna kumanga kalasi pafupi ndi dambo. Apampando anati, "Iwe umayeza mtsinje, tiuze pamene madzi amalekezera ukasefukira."

Ndinapita ndi madisiki kwa a kalaliki a pa loji ina ya alendo ku Mfuwe. Atalowetsa imodzi, panangotuluka tizizindikiro ngati mapazi a nkhuku. Iwo anati, "Abambo, manambala anu alimo, koma amatseguka ndi pulogalamu ya kampani yopanga makinawo basi." Pulogalamuyo inapsera m'kompyuta ija.

Ndinabwerera kunyumba ndi madisiki anga. Ine ndinkangokopera, manambalawo sindinawaonepo ndi maso.

Chonde Amalume, ndatumiza disiki imodzi pamodzi ndi kalatayi. Mufunse ku ntchito kwanu ngati alipo wina angaisandutse manambala wamba, oti kompyuta iliyonse iwerenge, ngakhale kungowasindikiza papepala. Musaiike pafupi ndi wailesi, akuti maginito amafufuta.

Njerwa awotcha kale, ndipo akuti Loweruka akumba maziko. Akandifunsanso sindidziwa choti ndinene.

Ambuye akusungeni inu ndi azakhali.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Yelesani